Nsapato ya Chipani

Akulu anga a Faines anakula osavala nsapato, ndipo phazi lawo silinawalakwirepo. Linkakwera nawo zitunda za kwathu ku Chisepo, kupita kudimba, kupita ku Misa, n'kubwerako bwinobwino. Pa chimtali ndiye osanena. Akalowa m'bwalo, ngakhale oimba ng'oma ankaiwala kutopa. Luso limeneli ndi lomwe linawaputira tsoka, chifukwa masiku amenewo mayi wodziwa kuvina sanali wa mwamuna wake kapena wa ana ake. Anali wa chipani.

Chaka china tinamva kuti kuboma kukubwera mlendo wamkulu wochokera kulikulu la chipani, ndipo amayi a nthambi iliyonse akavina. Tcheyamani wa nthambi yathu, a Felton, munthu wokonda kuoneka, anafuna kuti amayi ake apose onse. Anasonkhetsa anthu mtedza, n'kupita ku Lilongwe kukagula nsapato zansalu zoyera. Anabwera nazo m'thumba la feteleza, zonse za saizi imodzi. Titafunsa, anati amayi a chipani chimodzi ayenera kufanana. Mpaka lero ndikakumbukira nzeru imeneyo mtima umandiwawa. Munthu woti ngakhale mbuzi za m'khola mwake amaziona kuti sizifanana msinkhu.

Amene zinkawakhwepa ankaikamo makoko a chimanga. Koma a Faines, a phazi lotambalala, zinkawathina koopsa, ndipo lamulo linali loti poyeserera gule pabwalo la sukulu aliyense azivala kuti azolowere. Chikhadabo cha chala chachikulu chinayamba kulowa m'mnofu. Chala chinatupa, chinafiira, kenako chinayamba kutuluka mafinya. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera ng'oma zikulira ndithu.

Amuna awo, alamu anga a Gideoni, anawakweza pa njinga kupita kuchipatala cha mishoni, ine ndikutsatira pambuyo. Dokotala wake, bambo wofatsa dzina lake a Isake, anabaya jakisoni patsinde pa chala mpaka chinachita dzanzi. Anachimanga ndi kamphira kuti magazi asachuluke, analowetsa kachitsulo pansi pa chikhadabo, anachidula cham'mbali kutsika mpaka kumizu, n'kuzula chidutswa chomwe chinkalasa mnofu. Ine ndinayang'ana kukhoma. A Faines anaonerera zonse osaphethira.

"Mayi, ntchito yanga ndatha, yatsala yanu," anatero a Isake akumanga bandeji. "Bala ili lisanyowe, lisalowe fumbi, ndipo lisaone nsapato mpaka litapola. Mukalipanikiza liola, ndipo zikafika pafupa chala chimenechi sitingachipulumutse."

"Nanga kuvina, adokotala?"

A Isake anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Ine ndanena za nsapato."

Dzulo lake la gule, a Felton anafika pakhomo ndi ayufi awiri a chipani. A Faines anali pamkeka, phazi atalisanjika pa mtondo wogoneka.

"Tamva kuti mwadwala, mayi."

"Andichita opaleshoni, a tcheyamani. Onani."

Sanayang'ane n'komwe. "Opaleshoni ya chikhadabo? Anzanu amang'ambidwa mimba. Ine zikhadabo ndimawenga ndi lezala mlungu uliwonse, koma sindinagonepo pamkeka."

Ndinalephera kupirira. "Ngati n'kuvina, bwanji avine osavala nsapato phazi limodzilo?"

"Mtsogoleri wa gule, pamzere wakutsogolo, phazi lina losavala? Mukufuna mlendo akanene kuti ku Chisepo kuli anthu osamvera?" Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Kapena pakhomo pano pali maganizo ena?"

Mawu akuti maganizo ena tonse tinkawadziwa. Mphunzitsi wina wa kwathu anafunsidwapo funso lomwelo, galimoto inabwera kudzamutenga, ndipo anabwerako patapita zaka ana ake osamuzindikira. A Gideoni anaweramitsa mutu. Anali ndi ana anayi ndi fodya ku nazale. Sindingawanene, pakuti nanenso ndinaweramitsa wanga.

M'mawa lole ya chipani itaima pamsewu, a Faines anakankhira phazi lija m'nsapato, bandeji ndi zonse. Sanalire, anangoluma chitenje. Kuboma tinadikira padzuwa mpaka mlendo atakhuta chakudya chamasana, ndiyeno ng'oma zinayamba. Ine ndinali mzere wachiwiri, kumbuyo kwawo kwenikweni, ndipo ndinaona nsapato yoyera ija ikufiira kuyambira kunsonga. Fumbi linakwirira magaziwo, moti a pamipando sanaone kanthu. Iwo anangoona chiuno ndi kumwetulira. Mlendo anawomba m'manja ataimirira, ndipo a Felton anaitanidwa kutsogolo kukagwiridwa chanza. Ankaseka mano onse pamtunda ngati avina ndi iwo.

Kunyumba nsapato inakana kuvuka mpaka titainyika m'madzi ofunda. Mlungu womwewo mvula inayamba, mtsinje unadzaza, njira yakumishoni inatsekeka. Pomwe tinkafika kwa a Isake chala chinali chitada, fungo lake losakhalika m'chipinda. Bambo aja sanakalipe. Anatitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko chala chinadulidwa patsinde. Chikhadabo chokha, chimene a Isake anali atachikonza bwinobwino, chinadyetsa chala chathunthu chifukwa cha thumba la nsapato za munthu mmodzi wofuna kugwiridwa chanza.

A Faines anachira, koma ankayenda motsimphina, ndipo pokwera chitunda ankafuna ndodo. Chimanga chitacha a Felton anabweranso, tsopano atakwezedwa kukhala tcheyamani wa dera. Anati abwera kudzatenga nsapato, chifukwa ndi katundu wa chipani ndipo payenera kupezeka mayi wina wozivala.

A Faines analowa m'nyumba n'kutuluka nazo, zochapidwa, ina ili ndi banga lomwe sopo analilephera. Anakhala pakhonde. M'malo mozipereka, anatenga ya banga ija n'kulowetsamo phazi lawo la zala zinayi. Linalowa mosavuta.

"Onani, a tcheyamani," anatero mosakweza mawu. "Tsopano ikundikwana."

Ndinkayembekeza kuti munthu uja agwa nkhope ndi manyazi. Anawerama, anapapasa nsonga ya nsapato ndi chala chake monga amachitira ogulitsa m'sitolo, ndipo nkhope yake inawala.

"Zoonadi," anatero. "Basi zisungeni, mayi. Mwezi wamawa kuli msonkhano wina. Tidzakuikani mzere wakumbuyo."