Dzina la a Thomson Lilowa mu Kompyuta

A Thomson anali munthu wa geni ya nsomba. Ankapalasa njinga kuchokera kwa Kaduya mpaka kudoko la ku nyanja ya Chilwa, kukapikula matemba ouma ndi milamba yowamba, n'kumakagulitsa pa Migowi tsiku la msika. Njinga imeneyi ndi imene inaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Aliness, mpaka kumaliza sekondale ndi kukachita kosi ya makompyuta ku Blantyre. Mayi ake a mwanayu, a Belita, anamwalira iye akadali ku pulayimale. A Thomson anali mkamwini pamudzipo, ndipo anthu ankayembekeza kuti maliro akatha abwerera kwawo. Koma alamu awo anati, “Khalani, mulere mwanayu pompano.” Anakhaladi, ndipo sanakwatirenso.

Panali chinthu chimodzi chimene Aliness sankachidziwa. A Belita atangoikidwa m'manda, a Thomson anakayezetsa magazi n'kupezeka ndi kachilombo ka HIV. Mankhwala anayambira pa kachipatala kena ka kufupi ndi nyanja, kumene anthu a kumudzi kwawo safikako. Tsiku lokatenga mankhwala ankaliphatikiza ndi ulendo wa nsomba. Kabuku kawo ka kuchipatala kankasungidwa ndi a Imrani, mnzawo wa golosale ya padoko, amene ankadziwa nkhaniyi ndipo sanaiuzepo munthu. Zaka zinapita choncho, thupi lili bwinobwino, kutchalitchi akuimba nawo kwaya ya abambo.

Ndiye kunabwera nkhani yosangalatsa. Aliness anapeza ntchito ya ukalaliki pa chipatala cha kufupi ndi kwawo. Zipatala zinali zitayamba kusiya mapepala n'kumasunga mbiri ya odwala mu kompyuta, choncho pankafunika achinyamata odziwa kutayipa. A Thomson anapha nkhuku tsiku limenelo, n'kuitana alamu awo kuti adzadye nawo.

Aliness ankaweruka masana dzuwa litapendeka, tsitsi lili mbuu ndi fumbi la mafayilo, pakamwa pali nkhani zokhazokha.

“Ababa, mukanaona mmene mulili m'chipinda cha mafayilo,” anatero tsiku lina akuvula nsapato pakhonde. “Makadi ena anadyedwa ndi chiswe. Ena ananyowa nthawi ya madzi osefukira ija, zolemba zonse zinafufutika. Lero kunabwera mayi wina wa matenda a shuga, kabuku kake kanapita ndi madzi, dzina la mankhwala ake sakulidziwa. Adokotala achita kuyambiranso kumuyeza ngati wodwala watsopano. Koma tikamaliza ntchitoyi, munthu azingotchula dzina ndi mudzi, mbiri yake yonse poyera.”

A Thomson anali akupopa tayala la njinga. “Yonse?”

“Yonse. Ndipo akuti zipatala azilumikiza. Munthu wa kunyanja akadwalira kuno, mbiri yake izimutsatira.”

“Ndiye iweyo uziona za munthu aliyense?”

“Ine ndi amene ndizikhala pawindo lolembetsera,” anayankha Aliness monyadira, n'kulowa m'nyumba kukasintha zovala.

Sanaone kuti bambo ake asiya kupopa. A Thomson anangokhala chogwira pampu, maso ali pansi. M'maganizo mwawo ankaona mwana wawo atakhala pawindo paja, akutayipa dzina la bambo ake mongoseweretsa, kenaka zonse n'kutulukira pagalasi, anzake ogwira nawo ntchito ali kumbuyo kwake. Sankaopa kwenikweni kuti mwanayo awanyoza. Chimene chinkawadya mumtima n'choti akadziwa za iwo adziwanso za mayi ake, amene anakula akuuzidwa kuti anamwalira ndi chifuwa basi.

Tsiku lawo la mankhwala litakwana, anatenga kabuku kwa a Imrani n'kupita kuchipatala cha kunyanja kuja. Anapeza zinthu zitasintha. Padenga panali masola atsopano, ndipo patebulo pa anesi awo a masiku onse, a Tausi, pamene pankakhala mulu wa makadi, panali kompyuta.

“A Thomson, mwadzuka bwanji?” anatero a Tausi. “Lero musadandaule za mzere, zinthu zikuyenda mwachangu.”

A Thomson anakhala pansi, n'kuika chipewa pabondo. “Anesi, ine ndili ndi pempho. Mundisiye papepala pomwepo.”

“Mapepala tikusiya, bambo. Makadi onse analowetsedwa kale.”

“Ndiye mufufute dzina langa, mulembe lina.”

A Tausi anali mayi wofatsa, amene anawaona a Thomson kuyambira tsiku loyamba, ali owonda ndi amantha. “Dzina labodza lidzakupwetekani tsiku limene mudzadwalire kwina. Chavuta n'chiyani?”

Anawafotokozera za Aliness. A Tausi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anawauza kuti wogwira ntchito aliyense ali ndi nambala yake yachinsinsi yotsekulira kompyuta, ndipo aliyense amaona zokhudza ntchito yake yokha. Kalaliki amaona dzina, zaka ndi mudzi. Za matenda ndi mankhwala amaona ndi adokotala ndi anesi.

A Thomson anapukusa mutu. “Amene anapita kusukulu ya zinthu zimenezi ndi mwana wanga. Ine ndi inu tazionera kuukulu. Mukuti iyeyo angalephere kutsekula pamene inu mukutsekula?”

“Si nkhani ya nzeru, bambo. Ndi mmene anazikonzera.”

“Ndikaone kaye njinga, ndaisiya poipa,” anatero a Thomson akuimirira.

Sanabwererenso. Maganizo awo anali akuti akasiya kufika, mwina dzina lawo lizimiririka lokha pakati pa maina ambirimbiri.

Mankhwala otsala anatha. Poyamba sanamve chilichonse, mpaka anayamba kudziuza kuti mwina zaka zonse zija zinakwanira. Koma pofika nyengo yokolola mpunga anayamba kutsokomola. M'kamwa munatuluka zilonda, chakudya chinasiya kukoma, ndipo lamba anamuboola bowo lina. Mtunda umene ankaukwera akuimba nyimbo tsopano ankatsika n'kumakankha njinga.

“Ababa, mawa tipitire limodzi kuchipatala,” ankatero Aliness.

“Ndi fumbi la mumsewu ili. Chisiya chokha.”

Kudoko nako a Imrani sanawasiye. “Achimwene, anesi abwera kuno kudzakufunsani. Akuti kompyuta imatulutsa maina a anthu amene adumphitsa tsiku lawo.”

“Mwaonatu!” anatero a Thomson. “Yayamba kale kutchula maina.”

“Yatchula kwa a Tausi, amene akhala akukudziwani zaka zonsezi. Dziyang'aneni mmene mwathera. Mukufuna mwana uja atsale yekha?”

A Thomson anangomanga dengu lawo n'kunyamuka.

Tsiku limenelo sanafike kunyumba. Atatsala pang'ono kulowa m'dera la kwawo, dzuwa lili paliwombo, m'maso munada. Anazindikira ali gone m'mbali mwa msewu, matemba ali mbwee mumchenga, amayi ochokera kudimba akuwakupiza ndi zitenje. Wina anaimitsa njinga yamoto ya kabaza. Anayesa kunena kuti awaperekeze kunyumba, koma palibe anawamvera. Anawatengera kuchipatala chapafupi, komwe kunali Aliness.

Aliness atawaona akutsitsidwa, anatuluka pawindo akuthamanga. Anawakhazika pabenchi la pafupi ndi tebulo lake, n'kubwerera pa kompyuta. Pamene anakhala a Thomson, galasi lonse linkaoneka. Anaona zala za mwana wawo zikulemba dzina lawo. Anafuna kutseka maso, koma analephera.

Dzina linatuluka. Pansi pake panali chaka chobadwa, mudzi, ndi mfumu yaikulu. Panalibenso china.

“Muli kale m'kaundula, ababa,” anatero Aliness. “Munalembetsa liti?”

“Kalekale,” anayankha motsitsa mawu.

Aliness sanafunsenso. Anawagwira mkono n'kuwalowetsa kwa adokotala, iye n'kubwerera pawindo chifukwa mzere unali wautali.

Adokotalawo, a Jonathan, anali bambo wachinyamata wosachedwa kuseka, koma atawerenga pa kompyuta yawo nkhope inasintha. Anadzuka n'kukatseka chitseko bwinobwino.

“Bambo, mankhwala anu aja munasiya liti?”

A Thomson anawauza zoona.

“Mwana wanu akudziwa?”

“Ayi.”

“Kwa ine sadzamva. Zimenezo ndi zanu.” A Jonathan anakhalanso pansi. “Koma mwachita mwayi kuti mbiri yanu ndaiona. Ndikanakupatsani mankhwala a chifuwa wamba n'kukubwezani kunyumba, pamene vuto lili pena. Tikuyezani makhololo ndi magazi, ndipo muyambiranso mankhwala. Miyezi ikubwerayi mufunika munthu wokuyang'anirani. Muganize amene angakhale.”

Makhololo anasonyeza kuti si TB. Anawagoneka pang'ono, kuwapatsa mankhwala, n'kuwatulutsa. Chinsinsi chawo chinali chikadali chinsinsi, monga momwe a Tausi ananenera. A Thomson ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale.

Chinawavuta ndi Aliness. Mtsikanayo anasiya nkhani zake zija za kuntchito. Ankawaphikira phala, kuwachapira, kenaka n'kukakhala kuseri kwa nyumba. M'mawa wina Loweruka a Thomson anamumva akulankhula ndi malume ake chapansipansi. Ankati adokotala akumubisira, ndiye kuti ndi khansa, ndipo wayamba kufunsa za mayendedwe a ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Mawu ake anali a munthu amene walira kale.

Malume aja atachoka, a Thomson anamuitana. Anali atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango.

“Khala apa, mwanawe. Si khansa.”

Anamuuza zonse mosazungulira: za kachilombo, za chipatala cha kunyanja, za kabuku ka kwa a Imrani, ndi chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Aliness anamvetsera akuthothola udzu m'mbali mwa mkeka.

“Amayinso?” anafunsa pamapeto.

“Eya. Ndinadziwa mochedwa. Iwe ndinakakuyezetsa nthawi yomweyo, unalibe.”

Aliness atayankhula, mawu ake anali okwiya.

“Ndiye inu munasiya mankhwala chifukwa cha ine? Ine kumasangalala ndi ntchito, inu mukufa nayo ntchito yomweyo?”

“Ndinkaopa kuti udzazionera pagalasi, pamaso pa anzako.”

“Ine sindiona zimenezo, ababa! Ngakhale ndikanafuna!” Anapukuta misozi ndi chitenje. “Tsiku lililonse pawindo panga pamadutsa anthu a mankhwala amenewa, ena amachita kundiuza okha. Aphunzitsi, azibusa, ana asukulu. Mumaganiza kuti ine ndingathawe bambo anga?”

Anaimirira n'kupita kumjigo ndi ndowa, ngakhale kuti m'nyumba madzi analimo. A Thomson anamusiya apite.

Kwa masiku angapo ankalankhulana zofunika zokhazokha. Koma m'mawa uliwonse, asanapite kuntchito, Aliness ankaima pakhomo mpaka ataona bambo ake akumeza mankhwala. Tsiku lina pobwera kuntchito anakhala nawo pakhonde.

“Mantha anu aja sanali opanda pake konse,” anatero. “Pali ena kuntchito amene amasiya kompyuta yotsekula akamapita kukadya. Ena amabwerekana nambala netiweki ikamavuta. Lero ndazinena pamsonkhano. Sindinatchule munthu. Ndangoti alipo odwala amene angasiye kubwera chifukwa cha zimenezi, komanso kuti tiziwafotokozera anthu pamzere amene amaona chiyani. A Jonathan agwirizana nazo.”

Anawafunsanso ngati angakonde kusamutsira mankhwala awo ku chipatala chapafupi, popeza tsopano zinali zosavuta. A Thomson anakana. Anati anazolowerana ndi a Tausi, komanso anthu a pamudzi sanakonzeke kuti adziwe. Aliness sanawakakamize.

Tsiku lobwerera kunyanja litafika, mphamvu zopalasa njinga zinali zisanabwerere, choncho anakwera kabaza awiriwo. A Tausi atawaona akulowa ndi mtsikana wofanana nawo mphumi, sanafunse zambiri. Anawayeza sikelo, kuwakalipira pang'ono monga mwa ntchito yawo, kenaka anatembenukira ku kompyuta.

“Pamalo a wokuyang'anirani pakhala popanda dzina zaka zonsezi. Tilembepo ndani?”

“Lembani Aliness,” anatero a Thomson. “Mwana wanga.”

Atatuluka anadutsira kwa a Imrani, amene anapatsa Aliness botolo la zakumwa n'kumuuza kuti bambo ake ndi munthu wouma mutu kuposa onse padokopo. Kabaza wobwerera anachedwa, ndiye anakhala pabenchi la pagolosale akuyang'ana asodzi akukokera mabwato kumtunda.

“Ababa,” anatero Aliness, “amayi munakumana nawo kuti?”

A Thomson anaseka koyamba m'miyezi yambiri. Analoza kutsidya kwa madambo, kumene kunali minda ya mpunga, n'kuyamba kumufotokozera za mtsikana wina amene anawakana kawiri konse chifukwa ankanunkha nsomba.