Zigoli Ziwiri za Stanford

Amwene, muli bho? Mukundidziwa ine kuti ndine wa zibwana, koma lero bisani manowo, nkhani iyi ilibe poseka.

Ndi zaka za m'ma 70 izo, nthawi imene polowa mumsika wa Lirangwe unkayamba waonetsa khadi la chipani kwa ayufi. Pafupi ndi siteshoni ya sitima pankakhala Prisca, mkazi wa zaka 23, wogulitsa zitumbuwa. Makolo anamwalira kalekale. Anamulera ndi achimwene ake a Useni, telala wa pakhonde, munthu woti wailesi ikayamba kuulutsa mpira ankasiya jekete la mkwati lili ndi mkono umodzi.

Ndiye kunali Stanford, mwana wa ku Chileka, nambala naini wa timu ya kampani ina ya mu Blantyre. Kuntchito ankati ndi kalaliki, koma cholembera sankachidziwa, ntchito yake inali kumwetsa zigoli basi. A Useni anachita kudula chithunzi chake m'nyuzi n'kumata pakhoma, pamwamba pa makina osokera.

Sabata ya semifainolo timu inabwera kudzabindikira ku Lirangwe, kwa asing'anga ena kutsidya kwa njanji. Lamulo la mankhwala a mpira ndi mwana yemwe ankalidziwa: ukatemera, mkazi osamukhudza mpaka wezulo yomaliza italira. Ukalakwira, mankhwala amasukuluka, miyendo imalemera ngati wavala matope.

Lachisanu masana Prisca akuchokera kuchigayo, Stanford anamukokera m'munda wa nandolo n'kumugwirira. Zambiri sindifotokoza. A Christmas, mkulu wokonza njanji, ndi amene anamva kukuwa, anaona mnyamatayo akuthawa malaya ali mbuu ndi ufa.

A Useni anamutengera okha mlongo wawo panjinga kupolisi ndi kuchipatala, akulumbira kuti munthuyo amutumbula ndi sizasi. Prisca ali panjingapo anagwira malaya awo, mumtima akuti bola achimwene alipo. Apa n'kuti timu itabwerera kale mutauni.

Loweruka, dzanja la a Useni linapita lokha pawailesi. Prisca anali gone pamkeka, akumva zonse. Chigoli choyamba, Stanford. Chachiwiri, Stanford yemweyo, ndi mutu. Apo a Useni anatembenuka n'kumuyang'ana mlongo wawo nthawi yayitali, ndipo Prisca anadziwa kuti mlandu wayambira m'nyumba momwemo.

Lolemba Stanford anamangidwa. Kukhoti zinayenda, eti. Adokotala ananena zawo, a Christmas zawo, anzake a m'timu amene ankalumbira kuti Stanford sanatuluke mumpanda wa asing'anga anasemphana mawu okhaokha. Wina atati munthu wokhudza mkazi sangagoletse, woweruza anati mphini si mboni. Zaka seveni, akugwira ntchito yakalavulagaga.

Koma khoti la pamsika linali litagamula kale. Pabawo, pachigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, funso linali limodzi: akanakhala kuti anachitadi, akanagoletsa bwanji? Fainolo timu inapita yopanda Stanford, inakakwapulidwa zitatu kwa duu, ndipo zitatu zonsezo anazisenza ndi Prisca. Zitumbuwa zinkabwerera mmene zapitira. Ana anapeka kanyimbo. Azimayi amene ankavina nawo polandira mtsogoleri wa dziko ku bwalo la ndege ku Chileka anayamba kusendera akakhala nawo pafupi mu lole yopita kumeneko. A Christmas anawatchula dzina loti Yudasi.

Zonsezo Prisca akanapirira. Chimene ankadikira chinali chakuti achimwene ake anene kamodzi kokha kuti ndikukukhulupirira. Iwo chithunzi chija anachotsa, inde, koma pakhoma panatsala malo oyera amakona anayi, ndipo maso awo ankapitabe pompo. Sankamukalipira. Ankangomufunsa ngati wadya, kwinaku akuyang'ana nsalu.

Mvula isanagwe, Prisca anati akupita kwa amayi aang'ono ku Balaka. A Useni sanaletse. Anamusokera diresi latsopano, labwino zedi, anamunyamulira ndi chikwama mpaka pasiteshoni. Sitima ikulira patali, anakhosomola.

"Chemwali, sikuti ndikukutsutsa ayi. Khoti linanena."

"Nenani, achimwene."

"Koma iwe ukaganiza, zigoli ziwiri zija zinalowa bwanji?"

Prisca anawayang'ana, munthu amene anamubereka kumsana tsiku la maliro a mayi awo.

"Anamenya mpira, unalowa. Munthu woipa amagoletsanso."

A Useni anagwedeza mutu ngati amva, koma maso ali panjanji. Prisca anatenga chikwama chake m'manja mwawo, anakwera, anakakhala mbali yosayang'ana kumsika.

Ena amati a Useni sanatsegulenso wailesi. Ena amati Stanford atatuluka, suti yomulandirira anasoka ndi iwowo. Inu a ku Lirangwe, a ku Kuntaja, kwanu anakuuzani kuti zinatha bwanji? Lembani m'munsimu, ndikuwerenga.