Phokoso la Zelipa

"Chithunzichi chili ndi phokoso, ambuya," anatero Rhoda, mayi wokonza zithunzi pasitudiyo ina ku Chipata.

Ndinasendeza khutu pakompyuta. Zii. Koma mtima unagunda, pakuti pagalasipo panali Zelipa, mwana wanga amene tinamuika chaka chatha ku Madzimoyo. Wakufa akayamba phokoso musamaseke, adzukulu anga ndimawauza.

Amene anaseka ndi Goodson, mkamwini wanga. "Amayi, si phokoso la m'makutu. Akunena timadontho iti."

Rhoda anakulitsa nkhope ija. Zoonadi, inali ngati aiwaza mchenga wofiira ndi wobiriwira. Anati foni ikajambula m'nyumba mosawala bwino imadzaza timchenga totere, koma iye ali ndi kamzere pakompyuta kamene amakoka kuti tichoke. Anakoka pang'ono. Mchenga unachepa, maso a Zelipa n'kuwala.

"Kokani mpaka kumapeto," anatero Goodson. "Chithunzichi n'chapachiliza, ndipo povundukula padzakhala alendo aulemu."

Alendowo ndinkawadziwa: akwawo kwa Fainess, mphunzitsi wa ku Tamanda amene iye ankafuna kumukwatira.

"Ndikapitiriza zimafufutika ndi zenizeni zomwe, bambo. Khungu limakhala ngati la chidole."

"Ndati kokani."

Anakoka. Ndi maso angawa ndinaona chipsera cha pamwamba pa diso lamanzere chikusungunuka ngati sopo m'madzi. Chipsera chimenecho Goodson anamuika ndi mpini wa khasu. Zelipa anathawira kwa ine magazi ali chuchuchu, ndipo a kumpingo anauzidwa kuti wagwa panjinga. Sindikunena kuti ndiye anamupha, ayi, anapita ndi matenda a shuga. Koma ukwati wonse mwana wanga anaukhala akunjenjemera.

Munthu wotere osamutsutsa pamaso, amakuphunzira.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndekha kubwerera kwa Rhoda, ine amene ndimaopa msewu waukulu uja ngati moto. Njira yonse ndinagwira mpando ndi manja awiri.

"Mwana wanga, chija munafufuta dzulo chinapita kuti?"

"Sichinapite, ambuya. Choyambirira ndimasunga nthawi zonse."

"Chibwezeni. Mchenga chotsani ndithu, koma mukafika padiso muime."

Rhoda anakulitsa pamalopo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Ili si phokoso," anatero chapansipansi. "Anachita ndani?"

"Amene ankati kokani."

Sanafunsenso. Anayeretsa khoma la kumbuyo, anayeretsa duku ndi masaya, koma padiso paja anayenda mosamala ngati wopalira pafupi ndi mbewu yanthete. Kenako anapawalitsa pang'ono, mpaka timabowo ta ulusi wa kuchipatala tinaoneka.

Chithunzicho ndinachikulunga m'chitenje cha Zelipa. Goodson atatambasula dzanja kuti achione, ndinamuuza kuti kwathu mwamuna saona nkhope ya mkazi wake wakufa nsalu isanachoke pachiliza, akaiona amatupa miyendo. Mwambowo ndinaupeka m'minibasi momwemo. Iye anabweza dzanja msangamsanga. Za akufa amaziopa kuposa ine.

Loweruka kumanda kunadzaza. Goodson anavala suti yakuda, akupukuta m'maso mouma ndi kansalu koyera. Fainess anaima pambali pa azakhali ake, wodzola bwino, wofatsa ngati Zelipa wanga pachiyambi. Nyimbo itatha, abusa anakoka nsalu ija.

Zelipa anatiyang'ana tonse. Nkhope ili mbee, yopanda kadontho n'kamodzi komwe, ndipo chipsera chili poyera ngati mzere wa khasu pabwalo losesa.

Kansalu ka Goodson kanagwa pansi.

"Kodi malemu anavulalapo?" anafunsa azakhali a Fainess, akusendera pafupi.

"Njinga," anatero Goodson. "Anagwa panjinga."

Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Eya, apongozi, njinga," ndinatero mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Njinga imeneyo kwathu kuno timalimira."

Amayi a chigwirizano cha kumpingo anaweramitsa mitu. Ambiri ankadziwa kale. Azakhali aja anatembenuka n'kumuyeza Goodson kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

Fainess yekha sanamuyang'ane. Maso ake anali pa Zelipa. Pang'onopang'ono chala chake chinakwera mpaka pansi pa diso lake lamanzere, pamene paudala anali atapakidwa mochindikala kuposa pena ponse.