Nkhadze za Yesaya

Ku Senga Bay kuli mpanda wa nkhadze umene aliyense amangoutchula kuti "za Yesaya". Ana amayesa ndi dzina la mtengo. Ine ndimadziwa kuti ndi dzina la munthu, chifukwa amene anamupereka ndine.

Yesaya anabzala nkhadzezo kuti mbuzi zisamadye chinangwa chake. Tinakangana za malire, ndipo ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinakamuneneza kuti amanyoza boma. Galimoto inadzamutenga dzuwa likuswa mtengo. Sanabwererenso, koma nkhadze zake zinkangokulirakulira.

Matipate atabwera, mu 1995, bwana wina wa ku Lilongwe anagula malowo kuti amangepo loji yogona alendo. Ganyu yodula mpandawo anthu anaikana. Ine ndinaithamangira, poganiza kuti mpanda ukagwa, dzina lipita nawo.

Nditangotema kachitatu, utomoni woyera uja unandigwera m'maso onse awiri. Ndinagwa pamchenga, maso akutentha ngati muli makala. Mumdima umenewo ndinamva munthu akutsokomola pafupi ndi khutu langa, katsokomoledwe kouma ka Yesaya. Ndinachita mantha kwambiri.

"Musatikite, a Misheck," anatero mayi wina amene anathamangira. "Mankhwala ake ndi mkaka wa m'mawere. Mukachedwa simudzaonanso."

Woyamwitsa amene anali pafupi anali mmodzi yekha: Tionenji, mwana wa Yesaya. Ndinati kwanga kwatha.

Koma anabwera. Anagwada, nanditsamiritsa mutu pamwendo pake, nakanula zikope zanga. Mkaka unadontha wofunda.

"Abambo ankati nkhadze siifa," anatero motsitsa mawu. "Nthambi imamera pomwe yagwera."

"Kodi ukudziwa zimene ndinachita?"

"Mudzi wonse ukudziwa. Kale timangoopa kunena."

"Nanga ukundichiziranji?"

Anadikira mpaka nkhungu ya m'maso mwanga itayamba kuchoka, kenaka anamasula chitenje, natsitsa khanda kumsana n'kuliyandikitsa kumaso kwanga. Chipumi chija, makutu aja, zonse zinali za munthu amene ndinamupereka.

"Uyu ndi Yesaya," anatero. "Mukanachita khungu mukanapuma. Ine ndikufuna muzimuona tsiku lililonse."

Maso anachira, ndimaona bwinobwino. Nthambi zitatu zimene ndinadula zinamera zonse. Mwana uja tsopano akuyenda, ndipo m'mawa uliwonse popita kunyanja ndi mayi ake amaima pakhomo panga n'kumandiyang'ana.