Buluku Losamva Thukuta

Kodi zingatheke bwanji kuti munthu akhetse thukuta kuchokera nyengo ya chiperoni mpaka mitambo ya mvula yoyamba, tiyi azimwa wopanda shuga, mandasi azingowaona ndi maso, koma buluku lake n'kumamuthinabe m'chiuno ngati tsiku loyamba? Taganizani kaye. Crispin nayenso anaganiza mpaka mutu kuwawa.

Crispin anali dalaivala wa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Ntchito yake inali kututa masamba m'mashedi a kuminda kupita nawo ku fakitale, kutsika m'zigwa ndi kukwera zitunda ngolo ili pambuyo. Zaka zambiri pampando womwewo zinamusiyira mimba yomwe inkagunda chiwongolero mwini wake asanakhazikike. Ku Nchilamwela, kumudzi kwa mkazi wake kumene ankakhala, mimbayo inali ulemu. Anthu akakumana naye ankati, "Koma a Crispin mukusungidwa bwino," ndipo Eneless, mkazi wake, ankayang'ana pansi akumwetulira.

Amene sanasangalale nayo ndi adokotala a pachipatala cha esiteti. Tsiku lina Crispin anachita chizungulire ali pakati pa chitunda, maso n'kuchita mdima, koma mwamwayi anatha kuimitsa thirakitala. Anapita kuchipatala, adokotala n'kumuyeza.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri," anatero. "Mankhwala ndikupatsani, koma thupili lichepe. Mudzabwerenso mvula ikadzayamba. Ndikadzapeza zinthu zili chomwechi, sindidzalola kuti muziyendetsa thirakitala m'zitundamu. Tsiku lina mudzagwera nayo m'chigwa."

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti ndikuchepa, adokotala? Kwathu sikelo kulibe."

"Buluku lanulo ndiye sikelo. Likayamba kukhwepa m'chiuno, dziwani kuti zikuyenda."

Crispin anawasunga mawuwo ngati lamulo. Ntchito ina kupatula thirakitala sankaidziwa, ndipo msinkhu wake sunali woti n'kubereka dengu kumsana kukayamba kuthyola tiyi.

Kuseri kwa kalabu ya mabwana kunali chipinda chomwe kale ankasungiramo mipando yothyoka. Tsopano ankachitcha jimu. Munali njinga imodzi yopalasa pamalo amodzi, zitsulo zonyamula, bokosi la matabwa, ndi sikelo yomwe muvi wake unauma, moti aliyense wokwerapo ankalemera mofanana. Madzulo munali mwa mabwana. Antchito ankaloledwa nthawi ya nkhomaliro yokha, ndipo kwa Crispin nthawiyo inali yaifupi kwambiri: kuyambira pamene wasiya ngolo pamzere wa ku fakitale mpaka pamene amaliza kutsitsa masamba. Theka la ola silinkakwana.

Woyang'anira chipindacho anali Doris, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, amene anaphunzira za masewera olimbitsa thupi ku Blantyre. Tsiku loyamba Crispin anakwera njinga n'kumapalasa pang'onopang'ono akuyang'ana minda pawindo.

"Bambo, mukupita kumsika?" anafunsa Doris.

"Ndikutenthetsa thupi."

"Latentha kale, mwachokera padzuwa. Nthawi yanu ndi yochepa, ndiye tisaitaye. Muno mulibe kukhala pansi, mulibe foni, mulibe kucheza. Mukachoka pa ichi mukupita pa icho."

Anamuphunzitsa kuyamba ndi zolemetsa thupi lonse mphamvu zikadalipo: kunyonyomala ndi kudzuka chitsulo chili pachifuwa, kukwera ndi kutsika pabokosi, kukankha pansi ndi manja. Njinga inkabwera pomaliza, kupalasa mwamphamvu mpaka mpweya kubanika, kenaka mofatsa, kenaka mwamphamvunso. Kupuma kwake kunali kuyenda kuchoka pakona ina kupita pa inzake. Akamva kuti mutu ukuzungulira, Doris ankamuimitsa nthawi yomweyo, koma akangoona kuti ndi ulesi chabe ankaomba m'manja pafupi ndi khutu lake.

Crispin ankachita zonsezi atavala kabudula wa lasitiki. Akamaliza ankapukuta thukuta, n'kutenga buluku lake la khaki pamsomali, n'kulivala mtima uli m'mwamba. Batani linkafika pabowo pake movutikira, mimba atayikokera mkati, monga dzulo ndi dzana.

"Nkhope yanu ikusintha," Doris ankamuuza.

"Mukungondilimbitsa mtima, mayi. Adokotala sanati nkhope. Anati buluku."

Ben, kapitawo wa othyola tiyi komanso mnzake wa kalekale, ankakonda kudzadyera chinangwa chake pakhomo pa jimu, kuti aone zomwe ankazitcha kanema waulere.

"Achimwene, njinga imeneyi ikakufikitsani liti ku Luchenza?"

"Idyani chinangwa chanucho mwakachetechete."

"Ngati mukufuna sikelo bwerani ku shedi. Tikukolekani pa ngowe ngati thumba la masamba. Koma mtengo wa denga ukathyoka mukalongosola nokha kwa abwana."

Crispin ankaseka pang'ono ngati mpweya ulipo. Ku chipatala sikelo yabwino inalipo, koma ankaopa kupondako nthawi isanakwane. Ankaganiza kuti adokotala akangomuona ndi buluku lothina lomwelo amutsitsa pathirakitala tsiku lomwelo.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Eneless anamvera zonse, anachepetsa mafuta m'ndiwo, shuga n'kumusunga kutali, koma nkhope yake sinamasuke.

"Bambo a Angel, mukaonda anthu adzati chiyani?" anafunsa tsiku lina akusenda nandolo pakhonde.

"Adzati ndaonda."

"Mukuyankha ngati simukhala m'mudzi muno. Mwaiwala a Elson?"

Crispin sanaiwale. Elson anali woyandikana nawo nyumba amene anaonda chaka chinacho, zovala n'kuyamba kumulendewera. Asanadziwe n'komwe chimene chikumuvuta, kumjigo anali atamupezera kale dzina la matenda, atatchulanso amene anawabweretsa m'nyumbamo. Mkazi wake ankagulitsa zitumbuwa panjira ya ku fakitale, ndipo anthu anayamba kudutsa beseni lake ngati sakuliona.

"Ine sindikudwala zimenezo," anatero Crispin.

"Nanga mudzayenda khomo ndi khomo kufotokoza? Ena adzati matenda. Ena adzati Eneless sadziwa kusamala mwamuna. Kulikonse dzina lotchulidwa ndi langa."

"Ndiye ndigwe ndi thirakitala kuti anthu akhale chete?"

Eneless anatola makoko a nandolo n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanatsutsenso za jimu. Crispin anali ndi mabuluku awiri a ntchito, ndipo mkazi wake ankaonetsetsa kuti lina likakhala pathupi, lina lachapidwa, lasitidwa, likudikira pampando.

Chiperoni chinatha, kunayamba kutentha. Minda inachita fumbi m'mphepete mwa misewu, masamba n'kuchepa m'ngolo. M'chipinda cha jimu malata ankalira ndi dzuwa. Crispin ankalowa atatopa, n'kutuluka atatoperatu. Mawondo ankamuwawa pokwera thirakitala, mapewa ankamuwawa potsika. Pamsika wa pageti ankadutsa pa chiwaya cha tchipisi atayang'ana kumbali ngati munthu wokwiya ndi mnzake. Nthawi zina ankaona ngati akukwera chitunda cha kwawo osaima panjira monga kale, koma akavala buluku m'mawa batani linkamuuza kuti asadzinamize.

Tsiku lina apongozi ake, amayi a Eneless, anamuyang'ana nthawi yaitali ali pabwalo, kenaka analankhula ndi mwana wawo m'Chilomwe motsitsa mawu. Crispin anamva ndithu: ankafunsa chifukwa chake khosi la mkamwini latalika.

"Ndi kametedwe, amayi," Eneless anayankha msanga. "Taonani buluku mmene lawagwirira. Munthu woonda amavala chonchi?"

Apongozi anayang'ana m'chiuno mwa mkamwini wawo, n'kugwedeza mutu mokhutira. Crispin anamva ngati wamenyedwa ndi chinthu chozizira pamsana. Ngakhale nkhalamba ya maso ofooka inaona kuti palibe chasintha.

Mitambo itayamba kuunjikana pamwamba pa phiri, anadziwa kuti nthawi yatha. Mvula ikagwa tiyi amaphuka usiku umodzi, ngolo zimadzaza, ndipo dalaivala sapeza mpata ngakhale womwa madzi atakhala pansi. Komanso inali nthawi yobwerera kwa adokotala. Tsiku limenelo sanatenge kabudula. Anasiya ngolo pamzere n'kupita ku jimu kukatsanzika.

"Mayi Doris, ndabwera kudzathokoza. Mwayesetsa. Thupi langali ndi losamva."

"Mukusiya?"

"Ndatopa. Ndikauze adokotala kuti ndalephera, andipatse tsache ndizisesa ku fakitale ngati angandilole."

Ben anali pakhomo ndi chinangwa chake, koma ulendo uno sanaseke. Doris anamuyang'ana Crispin kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine maso anga sanama, bambo. Mikono iyi si imene munabwera nayo."

"Mikono siyendetsa magazi."

"Chabwino. Koma mwabwera kale, ndipo masamba sanayambe kutsitsa. Tengani chitsulocho, munyonyomale komaliza. Muno munthu satsanzika manja ali m'thumba."

"Ndilibe kabudula."

"Buluku lomwelo. Likuvutani kokwanira, lero ligwireko ntchito."

Crispin anausa moyo. Ananyamula chitsulo, n'kuchigunditsa pachifuwa, n'kutsika monga anaphunzitsidwira, msana wowongoka, zidendene pansi. Anadzuka. Anatsikanso. Ulendo wachitatu anatsika kwambiri kuposa masiku onse, mwina chifukwa cha mkwiyo, ndipo kumbuyo kwake kunamveka phokoso la ulusi ukuduka motsatizana.

Anadzuka mofulumira poganiza kuti buluku lang'ambika pakati. Koma nsalu inali yonse. Chomwe chinachitika n'chakuti buluku linangomasuka, n'kutsetsereka kuchoka m'chiuno, batani lili chimangire. Akanapanda kuponya chitsulo pansi n'kuligwira, likanafika m'mawondo.

Ben anatsamwa ndi chinangwa.

"Achimwene, mwaonda nthawi imodzi ngati tayala lobooka?"

Crispin anakoka buluku kutsogolo. Pakati pa mimba ndi batani panalowa chibakera chonse, malo n'kutsalabe. Anaima choncho atasokonezeka, akuyang'ana mpata umenewo ngati dzenje lomwe latseguka pamsewu woudziwa. Doris anazungulira kumbuyo kwake, nawerama, n'kutola kaulusi kobiriwira komwe kankalendewera pa msoko. Anakayang'ana, kenaka anamuyang'ana iye, milomo ikunjenjemera ndi kuseka komwe ankakubisa.

"Pitani mukasinthe, bambo. Simungayendetse thirakitala dzanja lina lili pa buluku."

"Koma chachitika n'chiyani?"

"Ine ndimadziwa za zitsulo. Za nsalu kafunseni kunyumba. Mawa mubwere ndi kabudula."

Ben analonjeza kukauza a ku fakitale kuti adikire pang'ono. Crispin anadutsa njira yachidule ya m'minda, pakati pa mizere ya tiyi, dzanja limodzi litagwira buluku. Amayi othyola masamba anamupatsa moni, iye n'kuyankha osaima. Kutali kunkagunda mabingu. Anazindikira ali pamwamba pa chitunda cha kwawo kuti wakwera chonse osapuma, koma analibe mphamvu zosangalalira.

Masana ngati amenewo sankapezeka pakhomo, ndipo palibe amene ankamuyembekezera. Pakhonde panalibe munthu. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumthunzi wa nthochi, n'kupeza Eneless atakhala pamkeka. Pamiyendo pake panali buluku lachiwiri lija, litatembenuzidwa kunja nkhati. Pambali pake panali kabokosi ka singano ndi ulusi wobiriwira wotsala pa yunifolomu ya sukulu ya mwana wawo Angel.

Anayang'anana. Eneless anaona dzanja la mwamuna wake pa buluku, ndipo sanayese kubisa chilichonse.

"Laduka?" anafunsa.

"Laduka."

"Ulusi wake ndi wosalimba. Ndinadziwa."

Crispin anakhala pachitsa. Anatambasula dzanja, Eneless n'kumupatsa bulukulo. Kumbuyo kwake, mkati, nsalu inali itapindidwa n'kusokedwa mizere ingapo, wina pambali pa unzake, wakale utasuluka ndi sopo, watsopano singano ikadali pomwepo.

"Mayi a Angel, lero ndinakatsanzika ku jimu. Ndinali wokonzeka kukapempha tsache."



"Simunandiuze kuti mwafika pamenepo," anatero Eneless motsitsa mawu. "Inu munati buluku ndi sikelo ya adokotala. Kumjigo nakonso sikelo yawo ndi yomweyo."

Crispin anafuna kukwiya, koma mkwiyo unafunika mphamvu zomwe anazisiya pa njinga ija. Anangopukuta nkhope ndi chikhatho.

"Somolani lonse," anatero. "Mawa ndikupita nalo kwa adokotala mmene linalili. Lamba ndibwereka kwa a Ben. A kumjigo mukawauze kuti abwere ku jimu adzaone matenda ake."

Eneless anatenga lezala m'kabokosi, n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi. Madontho oyamba a mvula anagwa pa masamba a nthochi.

Thupi la Crispin linayamba kuchepa chiperoni chisanathe. Buluku silinakhwepe chifukwa nthawi iliyonse likachapidwa, Eneless ankalibweza m'chiuno ndi singano.