Kapu ya M'sitima Yomira

Pa Nsaru panalibe amene sankawadziwa a Rodwell Chikoti, mkulu wokhoma zidebe kuseri kwa msika. Mapoto obooka ndi ndowa zodontha zinkachira m'manja mwawo. Koma anthu ankawaitana kuti a Kaputeni, ndipo linali dzina lachipongwe, chifukwa mkuluyu ngakhale bwato la pa Bua anali asanakwerepo.

Chinawapatsa dzinalo ndi shelefu ya kuchipinda kwawo. Panali masupuni, foloko yopindika, batani lamkuwa ndi chithunzi cha sitima yapamadzi ya machumuni awiri. Chitsulo chilichonse chinali ndi chidindo cha nangula ndi nyenyezi. Sitimayo poyamba inkanyamula azungu olemera, koma nkhondo yachiwiri itafika povuta inayamba kututa asilikali akuda. Ulendo wina adani anaiphulitsa pakati pa nyanja yamchere. Inamira ndi anthu ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali bambo awo a Rodwell, amene anasiya mkazi ali ndi pakati.

Asilikali amene anakwera sitimayo maulendo oyambirira sanatsikemo chimanjamanja. Msilikali akaona supuni yowala, thumba limamuyabwa. Zidzukulu zawo zinkangotapira mchere zinthuzo osadziwa kumene zinachokera, ndipo a Rodwell akamva mphekesera ankapalasa njinga mpaka ku Mpingu kapena ku Namitete, n'kukasinthanitsa ndowa yatsopano ndi kasupuni kamodzi. Anthu ankati mutu wawo sukoka bwino.

Sikunali kupenga ayi. Munthu akafera kutali mtembo osaoneka, kwathu kuno timaika thunthu la nthochi kuti maliro athe. Mayi awo a Rodwell anakana zimenezo kwamtuwagalu. Ankati mwamuna wawo akubwera, ndipo anakangana ndi akuchimuna a ku Kabudula mpaka mabanja awiriwo anasiya kuyenderana. Mayiwo anamwalira akuyang'anabe kunjira. Choncho a Rodwell anakula ndi chinthu chimodzi chowawa mumtima, chakuti bambo awo alibe manda. Ankafuna chinthu chimene chinali m'sitimamo pa ulendo womaliza, kuti akachikwirire kwawo kwa bambowo iwo eni asanatsikire kulichete.

Akazi awo anali atamwalira, ana ali ku Joni, foni ikulira mwa apo ndi apo. Akaweruka ankakhala okha pakhonde n'kumapukuta masupuni ndi phulusa. Anali osungulumwa kwambiri, ndipo zitsulo zija n'zimene ankacheza nazo.

Chimene ankafuna anakachipeza ku Nambuma, m'golosale ya mayi Mwanaisha, mwana wa msilikali amene anapulumuka pa ngoziyo. Inali kapu yachitsulo yophwanyika mlomo, ya chidindo cha nangula kunsi kwake, ndipo mayiwo ankatapira shuga.

"Ababa ankati m'kabwato kopulumukira onse ankamwera momwemu, pang'onopang'ono," anatero mayi Mwanaisha. "Ena anafera momwemo. Mayina sankawadziwa. Kaya bambo anu anamweramo, ine sindingakunamizeni."

"Inali pomwepo basi, amayi. Zimenezo zandikwanira."

Mayiwo anaiguguda kuti shuga wotsalira achoke, n'kuwapatsa, ndowa yosinthanitsa n'kuikana.

A Rodwell anamanga zonse za pashelefu m'kansalu, n'kuziika m'chikwama chawo cha zipangizo, ndipo anakwera njinga yamoto ya ku Kabudula. Mwa abale a bambo awo kunatsala a Dorcas okha, msuweni wawo, mwana wa mlongo wa malemuwo. Anawapeza akuswa mtedza, maso atachita khungu pang'ono.

"Ndi amuna anga a ku Nsaru amenewa?" anatero a Dorcas atamva dzina. "Mwabwera kudzandikwatira mano atatha, eti?"

"Inuyo anu ali kuti, asuweni?"

Anaseka onse awiri, ndipo a Rodwell anadabwa kumva kuseka kwawo komwe. Kenako anamasula kansalu kaja n'kufotokoza chimene anadzera, kuti akufuna adzukulu akumbe manda, bambo awo agone ngati anthu ena.

A Dorcas anasiya kuswa mtedza.

"Kodi simukudziwa? Amalume tinawaika kalekale, nkhondo itangotha. Ine ndinali kamtsikana, koma nthochi ija ndinaiona ikukulungidwa mumphasa."

"Amayi anakana."

"Anakanadi. Koma agogo anati maliro ndi a eni mbumba, si a mkazi. Anaika mwakachetechete, poopa kuwaswa mtima mayi anu. Pambuyo pake aliyense ankayesa kuti wina anakuuzani."

A Rodwell anayang'ana masupuni aja ali mbwee pamphasa. Anafuna kukwiya, koma oti awakwiyire onse anali kumanda komweko. Chimene chinatsala ndi chisoni, chakuti zaka zonsezo bambo awo anali ndi malo, mtunda woti njinga imafika dzuwa lisanatenthe.

Atapempha chilolezo kwa eni mudzi, a Dorcas anawatsogolera ndi ndodo yawo. Mtumbira unali utaphwa, ukungodziwika ndi mwala. Pa manda oyandikana nawo panali mbale ndi makapu a eni ake, zonse zoboola pansi, monga timachitira kuti amoyo asazitolenso. Pa mtumbira wa msilikaliyo panalibe kanthu.

"Katundu wawo yense anali kuchikamwini, kwa mayi anu," anatero a Dorcas. "Tinalibe choikapo."

A Rodwell anagwada movutikira. Anatulutsa hamala ndi msomali m'chikwama, n'kuvundikira kapu ija pamwala. Moyo wawo wonse ntchito yawo inali yotseka mabowo, ndipo dzanja linayamba lakana. Kenako anamenya kamodzi, msomali n'kulowa pakati penipeni pa nangula. Anaboolanso masupuni, imodziimodzi, n'kuwandanditsa pambali pa kapuyo ngati akuyalira mlendo.

A Dorcas anasunthira patali kuti awapatse mpata. A Rodwell anavula chipewa, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Bambo," anatero, "ndine Rodwell. Simundidziwa."