Ng'ombe Ziwiri za Mumzere

Pulawo inazukanso m'nthaka, ng'ombe ziwirizo zikukankhana m'goli ngati anthu olimbirana mpando m'minibasi. Haswell anatukwana. Chiyambire m'mawa anali atangolima timizere tokhotakhota tochititsa manyazi, pamene m'minda ya anzake ku Kapichila chimanga chinali chitamera kale.

Vuto linayamba pogawana chuma cha malemu bambo ake. Haswell anakangana ndi mng'ono wake Misheck mpaka achibale anawagawira ng'ombe imodzi imodzi, ngati kuti ng'ombe imalima yokha. Haswell anatenga Sitima, yozolowera kuyenda mumzere, Misheck n'kutenga yoyenda kumtunda. Chichokereni apo, ndi moni womwe sankapatsana. Tsoka ilo, ng'ombe imene Haswell anabwereka kwa mnansi inalinso ya mumzere.

"Atate a Linah, masulani izi," anatero mkazi wake Faides, akuponya chikoti pansi. "Zonse zifuna mumzele. Sizingatheke."

"Zivuta chabe. Zizazolowela."

"Zovuta ni zija muchita uku mulila, koma zichitika. Izi ni zosatheka. Atambala awili salila m'khola limodzi. Olo muzikwapule mpaka Khisimisi, mvula siizakulindilani. Yendani kwa mufana wanu."

Mawuwo anamubaya chifukwa anali oona. Kukagwada kwa mwana amene ankamubereka kumsana kunamuwawa kwambiri, koma munda ukagonera, odzalira njala anali ana ake. Anamasula goli n'kuuyatsa ulendo.

Anapeza Evelina, mkazi wa Misheck, akuswa mtedza pakhonde.

"Monire, alamu! Lelo mwasokela njila?"

"Yewo. Nabwela pa nkhani ya ng'ombe," anatero Haswell, maso ali pansi. "Tizimange pamodzi. Tiyambe munda wanu, wanga pambuyo."

Evelina anasiya mtedza uja n'kuyang'ana kukhola. Munalibe kanthu.

"Mwachedwa, alamu. A Misheck anakulindilani maningi, ati wamukulu ndiye ayambe kukamba. Dzulo ng'ombe ija anaipeleka ku boma, kwa ogulitsa nyama. Ati ng'ombe imodzi ingodya chabe."

Haswell anafuna kukalipa, koma akanakalipira yani? Anatsanzika mwaulemu ngati mlendo.

Haswell atafika kumunda, Faides anangoona manja ake ali lendelende. Anamupatsira khasu, iye n'kunyamula lina. Sitima inkadya msipu m'mphepete mosatekeseka pamene awiriwo anawerama pakona ya munda umene bambo a Haswell sanaulimepo ndi manja.